Sitolo yakale ya bambo pa boma: tigumule kapena tikonze ngati za ku Joni?

Make Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yatisowetsa tulo pabanja pathu, ndipo ndaona kuti pagulu pano pali amisiri, aphunzitsi ndi ena oyenda, mwina mutithandiza nzeru.

Malemu bambo athu anatisiyira sitolo yakale kuno ku boma la Kasungu. Ndi imodzi mwa zija anasiya amwenye m'zaka za m'ma 1970, boma la Kamuzu litawauza kuti achoke m'midzi ndi m'maboma ang'onoang'ono akachitire malonda m'mizinda ikuluikulu. Kutsogolo kuli khonde la zipilala, mkati muli chipinda chimodzi chachikulu chogulitsiramo, ndiye kumbuyo kuli shedi yaitali momwe bambo ankaunjikamo matumba a mtedza ndi chimanga. Denga la shediyo lili patali kwambiri, tili ana tinkakwera pamatumba koma osalikhudza. Zaka 7 tsopano chitseko chili chokhoma. Malata achita dzimbiri, mileme yadzaza.

Achimwene athu aakulu akuti tigumule, njerwa tigulitse, pamalopo timange timashopu 6 ta lendi. Koma mzime wathu amene ali ku Joni watumiza zithunzi za nyumba yomwe amagwirako ntchito, akuti nayonso inali yosungiramo katundu koma lero anthu andalama akulimbirana kukhalamo. Akuti amazitchula kuti loft. Ine mtima wanga uli pakati. Tipange bwanji?

Naphiri wa ku Santhe: Zithunzizo taziponyani tione kaye, achemwali.

Make Tadala: Ndi izo ndatumizazo, zinayi.

Naphiri wa ku Santhe: Koma abale, makoma osapaka pulasitala, mapaipi onse ali poyera, zitsulo za denga zikuoneka. Nyumbayi anaimaliza? Ndikufunsa moona mtima, chifukwa kwathu kuno munthu akalowa m'nyumba yotere timati ndalama zinamuthera panjira.

Mzime wa ku Joni: Anaimaliza mayi, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri chifukwa cha zomwe mwatchulazo. Ndifotokoze bwino poti ndine ndayambitsa zimenezi kwathu.

Ine sindikhala m'nyumbamo ayi, ndimangogwiramo ntchito yokonza mapaipi, kupenta ndi zina zikawonongeka. Ili m'dera lotchedwa Maboneng, chakum'mawa kwa tauni ya Johannesburg, kufupi ndi Jeppestown. Dzinalo ndi la Chisutu, likutanthauza malo a kuwala. Kale kuderali kunali mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu, kenako eni ake anathawira kumadera ena, nyumbazo zinatsala zopanda ntchito. Cha m'ma 2009 ena anayamba kuzigula n'kumazikonza. Yoyamba kutchuka inali Arts on Main, momwe munalowa anthu ojambula ndi ogulitsa zaluso. Zitatero nyumba zina za mumsewu wa Fox ndi Main zinasanduka zogonamo.

Loft yake imakhala chonchi: chipinda chimodzi chachikulu, khitchini, pabalaza ndi podyera zonse pamodzi popanda khoma logawa. Chotsekedwa ndi bafa ndi chimbudzi basi. Popeza denga ndi lalitali, amamanga kathandala m'mwamba mbali imodzi, n'kuikapo masitepe, bedi limakhala pamenepo. Mawindo ndi aakulu, ena kuchokera m'chiuno mpaka kudenga, moti masana suyatsa getsi. Tsiku loyamba kulowamo ndinangokumbuka shedi ya bambo, kutalika kwake n'komweko. N'chifukwa chake ndikukana zogumula.

Gogo Nankhoma: Mwanawe, kathandala ukunenako si nsanja imeneyo? Kwathu ku Chamama nsanja timamanga m'khitchini pamwamba pa moto, n'kumayanikapo mawere ndi chimanga cha mbewu kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Lero anthu akugona pansanja?

Koma changa chachikulu ndi ichi. Nyumba yopanda zipinda mlendo umamulandira bwanji? Apongozi akabwera kudzaona zidzukulu agona pati, maso awo aziona bedi la mkamwini? Ife tinakula kuti mwana akasinkhuka amachoka m'nyumba ya makolo, anyamata ku mphala, atsikana ku gowelo kapena kwa agogo. Si kuti tinkasowa malo ayi, unali ulemu. Ndiye nyumba imene khoma mulibe, ulemu umenewo ubisala kuti?

Mzime wa ku Joni: Agogo, mwanena zoona ndipo sinditsutsa. Okhala m'nyumba zimenezi ambiri ndi munthu mmodzi kapena awiri opanda ana. Akabereka, ambiri amasamuka. Ndawaona angapo akulongedza mwana atangoyamba kukwawa, poopa masitepe aja.

Naphiri wa ku Santhe: Nanga ukakazinga usipa fungo lake silikwera kukalowa m'zofunda? Ufa ukachoka kuchigayo uyanika pati? Zovala?

Mzime wa ku Joni: Pamwamba pa sitovu amaika chipangizo chokoka utsi n'kuutulutsa panja. Chikawonongeka, nyumba yonse imanunkha ndiwo, ndipo amene amaitanidwa ndine. Mbaula ndiye ayi ndithu, saloleza. Makala m'nyumba yotseka amapha anthu ali m'tulo.

Aphunzitsi Opuma a ku Mtunthama: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ndiloleni ndiikepo mbiri pang'ono, chifukwa ikuthandizani kuona kumene nkhaniyi imathera.

Khalidwe limeneli silinayambe ndi anthu olemera. Ku New York kuli dera lotchedwa SoHo, lomwe lili ndi nyumba za m'zaka za m'ma 1800 zokhala ndi makoma akutsogolo achitsulo, zomwe zinali mafakitale a nsalu ndi mosungira katundu. Mafakitale atasamuka, m'zaka za m'ma 1960 anthu ojambula zithunzi ndi osema, omwe analibe ndalama, anayamba kuchita lendi zipinda zimenezo motchipa. Ankafuna malo aakulu ndi kuwala kogwirira ntchito. Ankagona momwemo mobisa, poti lamulo silinkalola kugona m'nyumba za mafakitale. Mu 1973 deralo linatetezedwa ngati malo a mbiri yakale kuti nyumbazo zisagumulidwe, ndipo mu 1982 kunabwera lamulo lotchedwa Loft Law loteteza anthu okhala m'nyumba zoterezi komanso kukakamiza eni ake kuzikonza kuti zikhale zoyenera kugonamo anthu.

Tsono chimene chinachitika pambuyo pake n'chomwe ndikufuna mumve. Deralo litakongola, andalama analikonda. Mitengo inakwera, masitolo odula analowa, ndipo ambiri mwa aluso aja omwe anapulumutsa nyumbazo analephera lendi n'kuchoka. Wolima munda ndi wina, wokolola wina.

Si kuti kukonza nyumba yakale n'kulakwa. Ku Cape Town nkhokwe zazikulu za chimanga za padoko, zomangidwa m'zaka za m'ma 1920, anaziboola mkati n'kusandutsa nyumba yoonetseramo zaluso ya Zeitz MOCAA yomwe inatsegulidwa mu 2017, pamwamba pake pali hotela. Kwathu konkuno Mandala House ku Blantyre, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ikadaimabe ndipo ikugwira ntchito, anthu amalowamo kukaona zojambula ndi kuwerenga mabuku a mbiri ya dziko lino. Ife a ku Kasungu tikamati mbiri timangoloza Kamuzu Academy ya 1981 ndi Nguru ya Nawambe, koma masitolo a makonde aja ndi mbiri yathunso. Ndi m'mene agogo athu ankagula mchere, nsalu ndi makasu akagulitsa fodya. Ndimamva chisoni ndikadutsa pa boma n'kupeza ina yagwetsedwa.

Wa Kabaza pa Depoti: Aphunzitsi mwandiyankhulira. Sitolo ikunenedwayi ndikuidziwa, ndimadutsapo tsiku lililonse. Pakhonde pake pamakhala abambo ena achikulire osoka ndi makina opalasa ndi mwendo, ndiponso amayi awiri ogulitsa mandasi ndi zitumbuwa. Mvula ikagwa ifenso timausa pomwepo. Mukakonza n'kulowetsamo bwana wagalimoto, choyamba adzamanga mpanda ndi geti. Anthu amenewa adzapita kuti? Mugumule kapena mukongoletse, kwa iwo n'chimodzimodzi ngati khonde lichoka.

Make Tadala: Achimwene mwandikhudza. Atelala amenewo anayamba kusoka pakhondepo bambo akadali moyo. Yunifolomu yanga ya sitandade 1 anasoka ndi iwo. Bambo sankawalipiritsa kanthu, ankangoti azisesa pakhomo. Kunena zoona pokambirana pathu ponse palibe amene anawatchula, ngakhale ine.

Mmisiri wa pa Chinkhoma: Ndamanga nyumba zaka zoposa 20, zakale ndakonzapo zingapo, mashedi osankhiramo fodya ndi masitolo omwe. Musanakangane za kukongola, funso loyamba ndi lakuti khomalo lili ndi moyo kapena ayi.

Nyumba za ku Joni zomwe mukuona pazithunzizo zinamangidwa kuti zisenze makina olemera. Zili ndi zipilala za konkire ndi zitsulo, njerwa zake n'zolimba ngati mwala. Masitolo athu akale ambiri anamangidwa ndi njerwa zootcha pa uvuni wa nkhuni, zomangira zake dothi, simenti inangopakidwa kunja. Nyumba yotere ukaichotsa pulasitala kuti njerwa zioneke ngati za pachithunzi, waivula malaya nthawi ya dzinja. Mvula ikamenya, dothi lija limasungunuka pang'onopang'ono. Ndiye kunja musakhudze. Mkati mukhoza kusiya khoma limodzi loonekera njerwa, koma mukolope mizere yake, muikemo matope atsopano a laimu ndi mchenga, kenako mupake mankhwala oletsa fumbi.

Pokaona nyumbayo yang'anani izi. Ming'alu yoyenda mopingasa ngati masitepe, makamaka m'makona ndi pamwamba pa zitseko, imasonyeza kuti maziko akutitimira mbali imodzi. Khoma likamafufuma m'munsi n'kumatuluka zoyera ngati mchere, ndiye kuti chinyezi chikukwera kuchokera pansi, poti kale ambiri sankaika pepala lotchinga chinyezi pamaziko. Mitengo ya denga muibaye ndi sikuludiraiva. Chiswe chimadya mkati n'kusiya khungu, mtengo umaoneka wabwino koma uli mphako. Mukapeza kuti ndi mkungudza wa ku Mulanje, musautaye ngakhale pang'ono, chiswe sichiukonda ndipo lero simungaupezenso.

Za kathandala kogonapo, musakakolowetse m'makoma akalewo. Kaime pa miyendo yakeyake yachitsulo yokhala ndi maziko akeake. Ndipo pamafunika kutalika kosachepera mamita 4 ndi theka kuti wapansi ndi wam'mwamba onse aziyenda osawerama.

Mzime wa ku Joni: Shediyo pakati pake ipitirira mamita 5, ndikukhulupirira. M'mbali ndiye ndi yofupikirapo.

Mmisiri wa pa Chinkhoma: Tikayeza. Koma pali china chomwe anzathu a ku Joni sachiganiza kwambiri: kutentha kwa Okutobala kuno ku Kasungu. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba. Munthu wogona pakathandala, malata ali pafupi ndi mutu, adzapsa ngati fodya wa m'mabalani. Pamafunika chotchinga kutentha pansi pa malata ndi mazenera ang'onoang'ono pamwamba penipeni mbali zonse ziwiri kuti mphepo izidutsa. Mukafuna kuboola mawindo aakulu, lintala ilowe kaye musanachotse njerwa ngakhale imodzi.

Zina ziwiri zokhudza moyo. Ngati pena pali malata a asibesitosi, aja otuwa okhuthala, musawaswe kapena kuwacheka, fumbi lake limawononga mapapo ndipo matenda ake amaoneka patapita zaka. Ndowe za mileme nazonso muziwaze madzi kaye, osesa avale zotchinga pamphuno.

Bambo a Yamikani ku Rosettenville: Ine ndakhala chete koma mtima ukundiwawa, ndiyankhule. Nanenso ndili ku Joni kuno chaka cha 11. Mng'ono wanga waonetsa nyumba yokongola, ndipo n'zoona ilipo. Koma kuchoka pa Maboneng kuyenda wapansi pang'ono chabe ufika ku Marshalltown, pa 80 Albert Street. Nyumba imeneyonso ndi ya mbiri. Nthawi ya tsankho inali ofesi ya zitupa, momwe anthu akuda ankaima pamzere kupempha chilolezo chokhala mutauni. Kenako inakhala malo osungirako amayi ozunzidwa, dzina lake Usindiso. Pambuyo pake inasowa woisamala, anthu ovutika anadzazamo, zipinda zinagawidwa ndi matabwa ndi makatoni, njira zothawira zinatsekeka. Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023 inapsa, anthu 76 anafa, ndipo pakati pawo panali Amalawi anzathu. Ena analumpha pamawindo. Tinasonkha ndalama kuno kuti maliro ena abwerere kumudzi.

Nyumba ziwirizi zili m'tauni imodzi, zonse zakale, zonse za njerwa. Ina ili ndi mlonda pageti, zozimitsira moto pakhoma lililonse, masitepe othawira osakhoma, ndi munthu ngati mng'ono wangayu wolipidwa kuti aziyang'ana mawaya ndi mapaipi. Inayo inalibe. Ndiye achemwali, ngati mukonze shedi ya bambo anu kuti muzigona munthu, zitseko zotulukira zikhale ziwiri. Mawindo onse musawatseke ndi zitsulo zowotcherera, limodzi lizitseguka. Mawaya akale onse azulidwe, aike atsopano munthu wa satifiketi. Ndikupemphani ndithu.

Gogo Nankhoma: Mizimu yawo iuse mumtendere. Tinamva pa wailesi, ana a eni ake.

Mzime wa ku Joni: Achimwene anena zomwe ndinayenera kuyamba nazo. Kumene ndimagwirako ntchito aliyense wogula chipinda amalipira ndalama ya mwezi ndi mwezi, amati levy, kupatula ya magetsi ndi madzi. Imeneyo ndi yolipira alonda, okolopa, inshuwalansi, chikepe ndi kukonza denga. Eni zipinda amasankha komiti yoyendetsa zimenezi. Anthu angapo akangosiya kulipira, umaona chikepe chaima, mababu a m'makonde sakusinthidwa, madzi akudontha. Nyumba yakale imadya ndalama mwezi uliwonse, siimva kuti mwezi uno zavuta.

Achimwene Aakulu: Ndawerenga zonse, zikomo nonse. Ine ndi amene ndikunenedwa kuti ndikufuna kugumula. Musandione ngati wopanda chisoni, ndinagwira ntchito m'sitolo imeneyo kuyambira ndili ndi zaka 12, sikelo ya bambo ikadali kunyumba kwanga. Koma mayi athu akudwala shuga, mankhwala ndi mwezi ndi mwezi. Ana a malemu mlongo wathu atatu ali ku sekondale. Timashopu tikamanga, mwezi womwewo wa Airtel Money walowa, wa saluni walowa, wogulitsa mbewu ndi feteleza walowa. Loft yanuyo adzachite lendi ndani pa Kasungu pano? Kuno si Johannesburg. Munthu wandalama kuno amafuna nyumba ya zipinda zinayi, mpanda, ndi malo oti adzale chimanga kuseri.

Naphiri wa ku Santhe: Funso limenelo ndi lenileni.

Namwino Wachinyamata: Ndiyankheko ine, bambo, chifukwa mwina ndine mtundu wa munthu amene mukumufunsayo. Ndinabwera kuno kudzagwira ntchito zaka ziwiri zapitazo, ndili ndekha. Nyumba zomwe ndinapeza zinali ziwiri: yaikulu ya zipinda zitatu yomwe sindingaidzaze, kapena chipinda cha kuseri kwa eni ake, bafa logawana ndi anthu 8. Chapakati panalibe. Anzanga a kubanki, a m'mabungwe, ndi aja amabwera nyengo ya msika wa fodya ku Chinkhoma amadandaula zomwezo. Sitifuna zapamwamba za pachithunzi. Tikufuna madzi otuluka nthawi zonse, thanki pamwamba, sola yoyatsa mababu ndi furiji, chitseko cholimba, ndi mtunda woyenda wapansi kupita kuntchito. Mukaika zimenezo m'nyumba yozizira bwino ya denga lalitali, ine ndingalowe. Koma sindinganene kuti tilipo ochuluka bwanji, mufufuze kaye.

Aphunzitsi Opuma a ku Mtunthama: Bwanji osaphatikiza maganizo awiriwa? Ngakhale amwenye aja ankagulitsa kutsogolo n'kumagona kumbuyo. Chipinda chakutsogolo chigawidwe mashopu awiri kapena atatu ndi makoma opepuka, khonde likhale momwe lilili ndi atelala ake. Ndalama ya mashopuwo iyambe kuthandiza mayi, yotsala izikonza shedi pang'onopang'ono.

Mmisiri wa pa Chinkhoma: Zimenezo zingatheke ngati makoma ali bwino, ndipo zingatchipe kuposa kugumula. Anthu amaiwala kuti kugwetsa nakonso n'kolipira, ndipo njerwa zakale theka zimasweka pogumula. Koma ndinene poyera: ndikakapeza kuti maziko apita, ndidzakuuzani kuti achimwene aakulu akulondola. Sindingalole kuti munthu agone pansi pa khoma lomwe ine ndikulikayikira. Denga ndiye loyamba, mvula isanagwe. Pulani ipite kukhonsolo musanayambe, makamaka poti mukusintha shedi kukhala nyumba yogonamo.

Gogo Nankhoma: Ngati muikemo wosakwatira ngati namwinoyu, ine ndilibe mawu. Koma pansanjapo muikepo chotchinga, ngakhale cha bango loluka bwino. Munthu asamaone pogona pa mnzake atangolowa pakhomo.

Mzime wa ku Joni: Chimenecho ndachilandira agogo. Bango lingakongole kuposa magalasi omwe amaika kuno. Ine ndikhoza kutumiza ya malata a mbali imodzi mwezi wa mawa, ndipo Disembala ndikubwera, za mapaipi ndidzagwira ndekha.

Achimwene Aakulu: Sindinavomere, koma sindikananso kuti mmisiri akaone. Ndimve kaye mtengo wa denga lonse ndi wa kugawa kutsogoloko, ndiuyerekeze ndi wa timashopu tanga. Chinanso chomwe nonse mwaiwala: chikalata cha malowo chikadali m'dzina la bambo. Tisanakhome msomali ngakhale umodzi tikhale pansi ndi amalume, tilongosole za chuma cha masiye, tione ngati lizi yake sinathe. Ndaona mabanja akumanga kenako n'kumakokerana kukhoti.

Make Tadala: Zoona achimwene, mapepalawo ali m'sutikesi ya mayi, ndikawatenga mawa. A Mmisiri, Loweruka m'mawa mungapezeke? Makiyi ali ndi ine, ngakhale loko wake mwina tikachita kuthyola.

Mmisiri wa pa Chinkhoma: Ndifika 8 koloko ndi tepi ndi makwerero. Mupezeretu tochi yowala bwino ndi ndowa ziwiri za madzi zowaza pansi. Ana asalowe nawo.

Wa Kabaza pa Depoti: Atelala aja ndiwauze, kapena mukawauza nokha?

Make Tadala: Ndikawauza ndekha lero madzulo ndikamachoka kumsika. Ndiwapemphanso adzakhalepo Loweruka, chifukwa ndi iwo akudziwa mbali yomwe imadontha mvula ikagwa.